Wodwala wa pa dialysis asamangogona, aziyendako

Abale anga a geni ndi inu madalaivala a mathiraki, nkhani ya impso isatidutse. BP ndi shuga ndizo zimapha impso kwambiri, ndipo ntchito yathu imakometsa zonsezi: kukhala pampando usana ndi usiku pamzere wa pa Beitbridge kapena pa Mwanza, chakudya chamchere wambiri, msana ukawawa n'kumangomeza Brufen. Ena tili kale ndi m'bale amene amapita ku Queens kapena ku Kamuzu Central kukasefedwa magazi pa makina.

Munthu akayamba dialysis, pakhomo timamuyalira mphasa, tsache kumulanda, ngakhale madzi osamba kumunyamulira. Timati tikumusamala, koma ine ndikuti chisoni chotere chimamumaliza msanga. Matenda a impso amadya minofu, magazi amachepa m'thupi, komanso amakhala chogona pa makina pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse. Akafika kunyumba n'kugonanso sabata yonse, miyendo imafooka mpaka kudzuka pampando kumafuna womugwira. Akagwa, mafupa ake sachedwa kuthyoka.

Mwina muti, nanga munthu wotopa chonchi ayenda bwanji? Kutopako n'koona, makamaka tsiku limene wachoka pa makina. Tsiku limenelo apume. Koma masiku enawo kuyenda kumathandiza. Ku Italy, kafukufuku wotchedwa EXCITE amene anatuluka mu 2017 anapatsa odwala a dialysis ndondomeko yongoyenda wapansi kunyumba kwawo. Patatha miyezi 6, iwo ankayenda mtunda wautali m'mphindi 6 kuposa poyamba, pomwe anzawo amene sanachite nawo sanasinthe. Sipanafunike jimu kapena ndalama. M'zipatala zina za ku Britain odwala amapalasa kanjinga ali pomwepo pa makina.

Poyambira ndi apa. Afunse kaye dokotala kapena namwino wa ku dialysis ngati mtima wake ukulola. Akamuvomera, ayambe ndi mphindi 5 kapena 10 pabwalo m'mawa kusanatenthe, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Aziyenda mwakuti angathe kulankhula osabanika. Azikhalanso pampando wolimba n'kumadzuka kangapo, kuti ntchafu zilimbe.

Pali malire osalumpha. Mkono umene anaulumikiza mitsempha, wa fistula, usanyamule belo la kaunjika, thumba la sopo kapena tayala. Wa kapaipi ka pakhosi asakanyowetse. Akatuluka thukuta asapitirire mulingo wa madzi umene anamuuza kuchipatala. Wa shuga avale nsapato zabwino ndipo aziyang'ana mapazi ngati alibe chilonda. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, asiye pomwepo, ndipo zikapanda kusiya athamangire naye kuchipatala. Ngati wajomba tsiku la dialysis, asachite masewero aliwonse mpaka atasefedwa.

Kwa inu amene muli pa dialysis eni akenu, ulendo wa ku Joni kapena ku Dar es Salaam usakudyereni tsiku la makina. Madzi ndi potaziyamu zikachuluka m'magazi, mtima ukhoza kuima muli m'basi. Katundu tumani mnzanu wokhulupirika akakuodereni.

Ndipo ife achibale, ndalama za thiransipoti yopitira kuchipatala titumize ndithu, koma tisalekere pomwepo. Mukaimba foni, funsaninso kuti lero wayenda mphindi zingati. Mukakhala kunyumba, yendani naye mpaka pa golosale. Musiyireni kantchito kopepuka pa shopu, monga kulemba zogulitsa kapena kulandira ndalama. Munthu amene akudzisambitsa yekha, n'kufika yekha pa siteji kukakwera minibasi ya kuchipatala, amapirira matendawa ndi mtima wina.