Tambala Analira Pakati pa Nyimbo

Mwezi wa June uja, nkhungu itakuta mapiri a kuno ku Bembeke, anatipeza pakhomo mnyamata wina amene tinamphunzitsa mu Sitandade 6 zaka zapitazo. Anatulutsa lamya yake ya m'manja nati, "Aphunzitsi, tamvani nyimbo ndajambulayi, koma mundikhululukire, siinatuluke bwino." Anaijambulira m'chipinda chake chogona, atapachika mabulangete m'zipupa, akuimba banjo ya chigubu cha mafuta. Pakati pa ndime yachiŵiri tambala analira panja, ndipo chakumapeto mphepo inagwedeza malata. Chimene anadzera ndicho kuti tikamnenere kwa atate ake, kuti ndalama za matumba atatu a mbatata ya kachewere apite nazo ku Lilongwe akaijambulenso m'situdiyo.

Tinaimvera katatu, ndipo tinakana kukamnenera. Tifuna kufotokoza chifukwa chake mwezi uno, popeza m'mabanja ambiri muli ana otere, ndipo makolo asoŵa choŵauza.

Nyimboyo inali yonena za mlongo wake amene anapita ku Johannesburg. Potchula dzina la mlongoyo mau ake ananjenjemera pang'ono, ndipo tinamumva akukoka mpweya asanapitirize. Iye anati pamenepo mpolakwika, koma ife mpamene mtima wathu unagwidwa. Masiku ano kompyuta ya m'situdiyo imawongola mau onse opotoka nichotsa phokoso lirilonse. Ntchito yake njabwino ndithu, koma taonani chotsatira chake: mungamvere nyimbo khumi pa wailesi osazindikira kuti woimba uyu ngwa ku Nsanje kapena ku Karonga. Nyimbo ya mnyamatayu inali ndi kwao. Aliyense wokulira kumapiri kuno akadadziŵa kuti uwu ndi mmaŵa wozizira wa ku Dedza.

Musayese kuti aŵa ndi maganizo a mphunzitsi wokalamba chabe. M'chaka cha 1967 katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anajambula Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, anyamata a ku Chileka, ndipo nyimbo zao zinakafika ku Ulaya. Malawi Mouse Boys anali anyamata ogulitsa mbeŵa m'mbali mwa mseu, oimba ndi zipangizo zokonza okha. Munthu wa ku America, Ian Brennan, anaŵajambula panja kumudzi kwao. Chimbale chao chinatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 anakaimba ku England. Brennan yemweyo anajambula akaidi a m'ndende ya Zomba mu 2013, ndipo chimbalecho chinaloŵa m'gulu la zopikisana pa mphotho ya Grammy ya 2016, chinthu chimene sichinachitikepo ndi kale lonse kwa oimba a ku Malaŵi.

Ngakhale kwa anthu a chuma nkhani njomweyi. Mu 1982 woimba wotchuka Bruce Springsteen anajambula nyimbo m'chipinda cha nyumba yake pa kaseti wamba, poganiza kuti akungoyeseza. Atapita nazo m'situdiyo ndi gulu lake lonse, anapeza kuti moyo wa nyimbozo wathaŵa. Tsono anatulutsa za pakaseti zija momwe zinaliri, ndipo chimbale chake cha Nebraska chikulemekezedwa kufikira lero.

Nafenso m'nyumba mwathu tisunga kaseti imodzi yakale. Tinaijambula pa wailesi yakaseti ya mabatire, mai athu akusinja pamtondo ndi anzao aŵiri. Tepi imalira ngati mvula yowaza, munsi umamveka koposa mau, ndipo penapake mai akuseka chifukwa mnzao waiŵala poyambira. Onse atatu anatisiya kale. Wina atatiuza kuti angachotse phokosolo ndi kuseka komwe, sitingalole, pakuti akadachotsa mai athu.

Komabe tisanamize ana athu. Kujambulira m'nyumba sikukhululukira ulesi. Banjo yosachunidwa bwino ikhala yoŵaŵa m'khutu, kaya ili ku Bembeke kaya ku London, ndipo mau opanda nzeru sasanduka anzeru chifukwa tambala walira pambali. A Kachamba ndi a Allan Namoko anali amisiri amene anazunzikira luso lao zaka zambiri. Chimene tinena nchakuti luso likakhalapo, kupereŵera kwa zipangizo sikulibisa. Kaŵirikaŵiri kumaliika poyera, chifukwa woimba alibe pothaŵira.

Mnyamata uja tinamlangiza zinthu zitatu. Ajambule usiku kapena mbandakucha, magalimoto atachepa pamseu. Aike lamya patebulo, osati m'manja, motalikira pang'ono ndi banjo kuti mau asamire. Ndipo aimbe nyimbo yake kufikira ailoŵeze, kuti pojambula aganize za mlongo wake, osati za zala zake. Za tambala tinati amsiye. Nayenso ngwa pakhomopo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa inu makolo tinena ichi: mwana wanu akadzitsekera m'chipinda ndi mabulangete anu, musafulumire kumdzudzula, ndiponso musafulumire kugulitsa mbatata. Khalani pansi mumvere kufikira nyimbo ithe, ndipo mumuuze moona mtima pamene yakukhudzani ndi pamene yafooka.

Ndalama za matumba atatu aja zinagula feteleza. Nyimbo anaitumiza kwa mlongo wake monga inaliri, ndipo sabata yatha atate ake anatiuza kuti mtsikanayo anayankha kuti anamzindikira tambalayo, ndipo akonza zodzaona makolo pa Khrisimasi.