Maluwa Opirira Dzuwa la ku Lirangwe

Aliyense wodutsa mumsewu wa M1 pa Lirangwe mu Okutobala amadziwa kuti kuno dzuwa silichita masewera. Chileka ndi Lirangwe ndi kumunsi poyerekeza ndi Limbe, ndipo mvula ikaleka mu Epulo timadikira mpaka Novembala kapena Disembala. Choncho musatengeke ndi maluwa anthete ofuna ndowa ya madzi tsiku lililonse pomwe mjigo uli kutali. Dzalani zokhalitsa. Alovera amasunga madzi m'masamba mwake, bougainvillea amachita maluwa ambiri nthaka ikauma, vetiva amagwira dothi m'mphepete mwa bwalo, pomwe cham'mwamba chimaphuka pongozika nthambi n'kukupatsaninso ndiwo. Nkhadze imapanga mpanda wabwino, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso, ndiye italikire posewera ana. Dzalani mvula ikakhazikika, thirani manyowa owolerana, phimbirani ndi udzu mosagunda tsinde kuopa chiswe. Chilimwe choyamba muzithirira madzulo ndi madzi otsukuluzira mbale. Mdani weniweni ndi mbuzi zotayirira anthu akakolola. Tchingirani ndi minga, chifukwa kwa mbuzi duwa lililonse ndi ndiwo.

Mlimi wa Pakhomo