Chitsime chimodzi cha banja, ziweto ndi mbalame ku Kalahari

Pa makomo a alimi oweta nkhosa a kufupi ndi Askham, kumpoto kwa dziko la South Africa, tsiku limayambira pa thanki ya madzi. Kusanache bwino, mayi wa pakhomo amasonkha moto n'kutereka ketulo. Bambo amakasuzumira m'thanki kuti aone ngati mpope woyendera mphepo wakoka madzi okwanira usiku, pamene ana amatsekulira mbuzi ndi nkhosa kuti zikamwe. Dzuwa likakwera pang'ono, m'mwamba mumamveka kulira kwa mbalame zobwera m'magulumagulu kuchokera kutali. Nazonso zimalunjika pa madzi omwewo.

Alendo ochokera ku Cape Town, Johannesburg ngakhale ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti adzaone zimene banja lotereli limaona m'mawa uliwonse lili pakhomo. Ambiri amaganiza kuti kuyenda n'kumaona mbalame ndi chisangalalo cha anthu opeza bwino basi. Komatu m'chipululu ulendo wotere uli ndi phunziro kwa mlangizi ndi mlimi yemwe, pakuti mmene khomo likusamalira madzi ndi mitengo yake zimayamba kuonekera pa mbalame.

Dziko la mchenga wofiira

Askham ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 200 kumpoto kwa tauni ya Upington, m'chigawo cha kumwera cha chipululu cha Kalahari. Kumeneku mvula imagwa pafupifupi mamilimita 200 pachaka, ndipo zaka zina siyifika n'komwe pamenepo. M'nyengo yotentha kutentha kumapitirira madigiri 40, koma mu June ndi July madzi osiyidwa panja amatha kuundana usiku. Mitsinje ya Nossob ndi Auob ilipo ndithu, koma imatha zaka zambiri osayenda madzi. Mabanja a m'dera la Mier ndi a mtundu wa Khomani San amadalira zitsime zokumba ndi makina, zimene zambiri madzi ake ndi amchere. Amaweta mbuzi ndi nkhosa, amayenda pa ngolo zokokedwa ndi abulu, ndipo buledi amamuotcha pa makala.

Chakumpoto kwake kuli nkhalango yotetezedwa ya Kgalagadi, imene atsogoleri Thabo Mbeki wa South Africa ndi Festus Mogae wa Botswana adaitsegulira mu May 2000 pophatikiza nkhalango ziwiri za maiko awo. Ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 38,000, ndipo imadziwika kwambiri ndi ziwombankhanga, akabawi ndi miimba. Mu 2002 anthu a Khomani San ndi a Mier adabwezeredwa gawo lina la nkhalangoyi, limene makolo awo adachotsedwamo kale. Choncho oona mbalame ndi eni makomo akuyenda pa nthaka imodzi.

Bambo wonyamula madzi m'nthenga

Ulendo wokaona mbalame m'chipululu sufuna zambiri: chipewa, botolo la madzi, kope ndi pensulo, komanso magalasi oonera patali ngati alipo. Odziwa sayendayenda. Amafika pa chomwera dzuwa likutuluka, n'kukhala pansi chapatali, dzuwa lili kumsana, osalankhula mokweza. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zoyamba kufika ndi njiwa ndi timbalame todya njere. Pakapita ola limodzi kapena awiri kumabwera mbalame yooneka ngati njiwa koma ya mawanga onga a nkhwali, imene m'Chiafrikaans amaitcha kelkiewyn potsanzira kaliridwe kake. Pa Chingerezi ndi Namaqua sandgrouse. Imaikira mazira pa nthaka youma, nthawi zina makilomita 20 kapena 30 kuchokera pa madzi, kumene adani safikafika. Anapiye ake amadya njere zouma ndipo amatha pafupifupi mwezi asanayambe kuuluka. Nanga amamwa chiyani?

Yankho lili pamimba pa yaimuna. Ikafika pa madzi imalowamo, n'kumadzigwedeza mpaka nthenga za pamimba zitamwa madzi ngati thonje. Nthengazo zimasunga mamililita pafupifupi 25, osakwana n'komwe masipuni aakulu awiri. Ikatero imauluka kubwerera, ndipo anapiye amayamwa madziwo m'nthenga. Nkhaniyi idalembedwa koyamba mu 1896, koma akatswiri ambiri adaikana kuti ndi nthano mpaka Tom Cade ndi Gordon Maclean ataitsimikizira ku Kalahari komweko mu 1967.

Mwana wa pakhomo amene amatunga madzi tsiku ndi tsiku safuna womumasulira nkhani imeneyi. Akudziwa kulemera kwa chigubu, akudziwanso kuti mpope ukathyoka ludzu limayambira pa ang'ono.

Mtengo umodzi, makomo ambiri

Kuchoka pa madzi, oona mbalame amapita pa mtengo waminga wotchedwa kameeldoring, wachibale wa mthethe ndi msangu. M'nthambi zake mumalendewera chinthu chooneka ngati denga la udzu limene mphepo yaliponya m'mwamba. Chimenechi ndi chisa cha atchete a m'chipululu amene amamanga mogwirizana. Chisa chimodzi chimatha kukhala ndi zipinda zoposa 100 ndi mbalame mazana angapo, ndipo zisa zina zakhala zikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 100. Zitseko zake zimayang'ana pansi. M'kati mumazizirirapo masana ndipo mumafunda usiku wa chisanu, monga mmene nyumba ya udzu imachitira poyerekeza ndi ya malata. Kabawi wamng'ono kuposa onse mu Africa, wongokwana m'chikhatho, samanga chake koma amakhala m'zipinda za atchetewa. Pamwamba pa mitengo ikuluikulu ya mtundu womwewu miimba imamanganso zisa zake.

Mtengo womwewo ndi chuma cha pakhomo. Mbuzi zimadya zipatso zake m'chilimwe monga mmene ziweto zimadyera za msangu, ndipo mthunzi wake ndiwo khonde la banja masana. Vuto n'lakuti nkhuni zake zimayaka nthawi yaitali, kotero kuti zimafunidwa kwambiri m'matauni pootcha nyama. Mtengowu umakula pang'onopang'ono zedi, ndipo ku South Africa ndi wotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1998, moti kuudula popanda chilolezo ndi mlandu. Banja limene ladula mtengo wakale kuti ligulitse matumba angapo a nkhuni limapeza ndalama ya sabata imodzi, koma mthunzi ndi chakudya cha ziweto sizibwereranso m'moyo wa amene adauduliwo.

Nkhuni zina zilipo. Mtengo wobwera wotchedwa prosopis wafalikira m'makwawa a m'chigawochi ndipo umamwa kwambiri madzi a pansi pa nthaka. Ntchito ya boma ya Working for Water, imene idayamba mu 1995, yakhala ikulemba anthu a m'midzi kuti aziudula. Khomo limene likuphikira prosopis likuteteza chitsime ndi chisa nthawi imodzi.

Imfa ya m'thanki

Pali ngozi ina imene alendo saiona kawirikawiri, koma eni makomo amaidziwa ndi fungo. Mathanki ambiri a m'mafamu ndi ozungulira, a simenti, osavindikira, ndipo makoma ake ndi oongoka. Thanki ikadzaza, mbalame imatera pamlomo n'kumwa bwinobwino. Koma madzi akatsika, chiwombankhanga kapena kadzidzi amagweramo pofuna kumwa kapena kusamba. Nthenga zikanyowa sangauluke, khoma n'loterera, ndipo amafera momwemo. Miimba, pakuti imatsatana, imatha kufa yambiri pa tsiku limodzi.

Mu 1999 katswiri wa mbalame Mark Anderson ndi anzake adafalitsa kafukufuku wosonyeza mbalame zolusa zoposa 300, za mitundu 29, zimene zidamira m'mathanki otere ku South Africa, makamaka m'madera ouma. Zimenezo ndi zokhazo zimene zidalembedwa.

Kwa banja, imeneyi ndi nkhani ya umoyo. Mbalame yowola m'thanki imawononga madzi a ziweto, ndipo pa makomo ena madzi omwewo ndiwo ochapira ndi osamba. Thanki iyenera kukhuthulidwa ndi kutsukidwa, ndipo madzi amene mpope udakoka kwa masiku ambiri amathera mu mchenga. Kumene dontho lililonse limawerengedwa, kutaya kotere n'kowawa.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a vutoli safuna ndalama. Chipika kapena mtengo wautali umamangiriridwa ndi waya pamlomo pa thanki, mbali inayo n'kumayandama, kuti uzitsika ndi kukwera limodzi ndi madzi. Chogweramo chimapeza pokwerera. Ena amaika makwerero, ena amavindikira thanki ndi ukonde, umenenso umachepetsa madzi ouma ndi dzuwa. Kabeseni kosazama koikidwa pansi chapambali kamapatsa mbalame pomwera, ndipo sizikhalanso ndi chifukwa chopitira ku thanki.

Ngozi ina ndi poizoni. Nkhandwe zimagwiradi ana a nkhosa, ndipo mlimi wotaya ziweto ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma nyama yothiridwa mankhwala siisankha woidya. Mu June 2019, kumpoto kwa Botswana, miimba 537 idafa itadya mitembo itatu ya njovu imene opha nyama mozembera adaithira poizoni. Muimba umaikira dzira limodzi pachaka, choncho kubwezeretsa chiwerengero chotere kumatenga zaka zambiri. Miimba ikasowa, mitembo ya ziweto imakhalitsa pamtunda, agalu ndi ntchentche n'kumachita nayo phwando pafupi ndi makomo. Khola lolimba, m'busa ndi galu wolondera ndi zolemetsa kuposa kapaketi ka mankhwala, koma sizipha zosalakwa.

Zimene kope limaulula

Phindu lalikulu la kuona mbalame lili m'kope. Munthu akalemba tsiku, malo, mbalame zimene waona ndi kuchuluka kwake, chaka ndi chaka, amayamba kuona zimene diso la tsiku limodzi silingaone.

Chitsanzo chake chili kufupi ndi Van Zylsrus, kum'mawa kwa Askham, pa malo ofufuzira a Kuruman River Reserve. Kumeneko ofufuza adatsata mbalame ya mlomo waukulu wachikasu wokhota, ya banja la nang'omba koma yaing'ono, kuyambira 2008 mpaka 2019. Yaikazi imadzitsekera m'phanga la mtengo ndi mazira ake, n'kusiya kamng'alu kolandirira chakudya kuchokera kwa yaimuna. Kukatentha kwambiri, yaimuna imataya nthawi ikupumira pakamwa mumthunzi m'malo mosaka, ndipo onse a m'phanga amaonda. Lipoti la Nicholas Pattinson ndi anzake la mu 2022 lidasonyeza kuti zisa zotulutsa ana zidatsika kuchoka pa 58 pa 100 zilizonse m'zaka zoyamba kufika pa 17 m'zaka zomaliza. Pamene kutentha kwa masana m'nyengo yoswana kudapitirira madigiri 35.7, palibe chisa chimene chidatulutsa mwana.

Kutentha kumene kukulepheretsa mbalameyi kulera n'komweko kumene kumachepetsa mkaka wa mbuzi, kumaumitsa chomwera msanga ndi kufooketsa okalamba m'nyumba za malata. Mbalame yangoyamba kuonetsa. Mlimi wa ku Nsanje, ku Tete kapena ku chigwa cha Luangwa, amene amadziwa ukali wa dzuwa la October ndi November, angamve chenjezoli mosavuta.

Kulemba kotere sikuli kwa ophunzira okha. Ntchito ya SABAP2, yowerengera mbalame za kumwera kwa Africa, idayamba mu 2007 ndipo imadalira anthu wamba odzipereka. Dziko lidagawidwa m'timagawo ta makilomita pafupifupi 9 mbali zonse, ndipo wowerenga amatha maola osachepera awiri m'kagawo kamodzi akulemba mitundu yonse imene waona kapena kumva. Bungwe la BirdLife South Africa lakhala likuphunzitsa achinyamata a m'midzi kukhala operekeza alendo oona mbalame. Ndalama yake siingadyetse mudzi wonse, ndipo alendo sabwera mwezi uliwonse, koma mnyamata kapena mtsikana amene adakulira kubusa amayamba ntchitoyi ali kale ndi maso ndi makutu amene mlendo alibe.

Poyambira pake

Mlangizi wofuna kuyesa zimenezi safunika thandizo lochokera kunja. Angayambe ndi ana a sukulu ochepa, kope limodzi ndi malo amodzi a madzi, m'mawa wa Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Agogo aitanidwe, pakuti ndiwo akudziwa maina a mbalame m'chilankhulo cha kwawo, akukumbukiranso zimene zinkaoneka kale koma lero zidasowa. Pobwerera, gululo lisuzumire m'thanki iliyonse yosavindikira ndi kuona ngati muli pokwerera, liwerengenso mitengo ikuluikulu imene yatsala pafupi ndi chitsime. Zikatha miyezi 12, kopelo lidzakhala ndi nkhani yokambirana pa msonkhano wa komiti ya madzi.

Ku Askham dzuwa likamalowa, mchenga umafiira ngati makala ndipo mphepo imayamba kuzizira. Mbuzi zimabwerera kukhola, mayi amatembenuza buledi pamoto, atchete amalowa m'zipinda zawo akusokosera. Bambo amapitanso ku thanki komaliza. Amaona mlingo wa madzi, amagwedeza chipika kuti atsimikize kuti waya ngolimba, kenaka amathira kamtsuko kamodzi m'beseni la pansi lija, kuti odzafika m'mawa kuchokera kutali adzapeze ponyowetsa nthenga.