CHITUKUKO SI MPHATSO, YAMBANI KUFUNSA KU KHONSOLO

Lero ndilankhula mokalipa pang'ono, koma werengani mpaka kumapeto.

Kodi ndi liti munamufunsako khansala wanu za ndalama za chitukuko? Kutchalitchi kuno msungichuma akangochedwa ndi lipoti mwezi umodzi, phokoso lake! Mumafuna malisiti a thumba lililonse la simenti, ngakhale K5,000 ya choko cha Sande sukulu. Mumachita bwino. Nanga bwanji mlatho wa mamiliyoni ukakokoloka ndi mvula yoyamba mumangoti "aaa, zaboma izi"? Boma lake liti? Ndalamazo ndi zanu. Ndi msonkho umene mumadula pa shuga, pa sopo, pa mayunitsi. Ndi chiphaso chimene amayi amadula pamsika tsiku lililonse, msika wopanda ndi chimbudzi chomwe.

Ndimvereni bwino. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timati CDF, linayamba mu 2006. Mu 2022 linafika pa K100 miliyoni dera lililonse, mu 2024 linakwera kufika pa K200 miliyoni. Tayang'anani kwanuko. Buloko ya sukulu ija inathera pa windo ilipobe? Mjigo uja unagwira ntchito miyezi ingati? Anaupatsa kontirakitala ndani, pa mtengo wanji? Simukudziwa. Koma tsiku lotsegulira munavala nsalu, munavina, munaimba kuti bwana atikumbukira. Munthu wakubwezerani ndalama zanu zomwe, mwinanso zoperewera, inu n'kumugwadira. Zoona zimenezo?

Ena amati, "Abusa, zimenezo ndi ndale, ife tingopemphera." Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera. Koma mayi akaberekera panjira chifukwa chipatala chaching'ono chinangothera pa maziko, imeneyo si ndale, ndi moyo wa munthu. Kufunsa lisiti sikufuna khadi la chipani. Amene amakuuzani kuti kufunsa ndi mwano nthawi zambiri ndi amene ali ndi chobisa.

Pajatu kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, zaka 9 zathunthu. Tinazolowera kuti ku khonsolo kulibe maso athu. Makhansala anabwerera, koma chizolowezi chokhala chete sichinachoke. Mu May 2025 khoti linagamula kuti aphungu asamayendetse CDF komanso asamavote m'makhonsolo. Chabwino. Koma kaya ndalamazo zigwiridwe ndi phungu, kaya khansala, kaya DC, ngati eni ake tili mtulo zidzasowabe. Khoti silibwera kudzawerenga matumba a simenti m'mudzi mwanu.

Ndipo lamulo lili mbali yanu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Mukalemba kalata yopempha bajeti ya pulojekiti, ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana popanda chifukwa, kuli bungwe la Malawi Human Rights Commission lomwe limayang'anira lamuloli. Kuli ofesi ya Ombudsman. Mukaona fungo la katangale, kuli ACB.

Vuto ndi lakuti ofunsa ndi ochepa. Munthu mmodzi akafunsa amati ndi wotsutsa boma, watumidwa, kapena amamuitanira kuseri n'kumupatsa ya fanta. Nkhani yathera pomwepo. Koma anthu 50 atasayina kalata imodzi, mawa mudzi woyandikana nawo walembanso yake, mkuja wodi yonse, adzagula angati? Adzaopseza angati? Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tisadikire mabungwe a ku Lilongwe kuti abwere ndi ma alawansi ndiye tidzuke, chifukwa pulojekiti yawo ikatha amapita, ife timatsala ndi mlatho wathu wogumuka.

Ndiye chitani izi. Dziwani amene ali mu VDC ndi ADC ya kwanu, ndipo pa chisankho cha makomitiwa musatumize okonda kugwedeza mutu. Ntchito ikayamba funsani zinthu zinayi: ndalama zingati, zachokera thumba liti, kontirakitala ndani, ithe liti. Lembani m'kope. Achinyamata, mafoni amenewo jambulani nawo ntchitoyo sabata iliyonse. Amisiri muli m'mipingomu, inu mumadziwa simenti ikachepa mu konkire, lankhulani asanafolere. Itanani khansala abwere pabwalo la amfumu adzafotokoze pamaso pa anthu. Popanda kutukwana, popanda kugenda, popanda kunamizira munthu. Mapepala m'manja basi.

Ndipo inu atsogoleri anzanga, mukalandira malata a tchalitchi kwa munthu amene mukuyenera kumufunsa, pakamwa panu patsekeka. Ganizirani bwino.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ana okhala pansi pa mtengo ndi athu, si a DC.

Lembani m'munsimu dzina la wodi yanu ndi ntchito imene inaima. Tumizani uthengawu kwa khansala wanu ndi ku magulu anu a WhatsApp. Mulungu akudalitseni nonse.