Walira mvula walira matope: za galimoto zaliwiro ndi masipeyala achinyengo ku Mangochi

Mwambi wakuti "walira mvula walira matope" ana ambiri amaudziwa pamtima chifukwa umabwera pamayeso, koma ndi ochepa amene amaukumbukira tsiku limene ndalama zawafika m'manja. Mwambiwu suletsa munthu kulira mvula, pakuti popanda mvula palibe chimanga. Umangonena kuti wofuna chinthu avomerenso zonse zimene chinthucho chimabwera nazo. Masiku ano malo amene mwambiwu ukupondedwa kwambiri ndi msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, makamaka m'mwezi wa Disembala ndi pa nyengo ya Idi, pamene anyamata ogwira ntchito ku Joni abwera kudzaona kwawo. Pamenepo mumadutsa galimoto zazifupi, zogwada pansi ngati nkhuku yofungatira, zolira mokweza kuposa injini ya chigayo. Eni ake analira mvula, ndipo mvulayo yagwa. Vuto n'lakuti matope akuwakana.

Palibe cholakwa kuti mnyamata amene wakhetsa thukuta ku Johannesburg kapena ku Durban agule chimene mtima wake wakonda. Agogo ake obwera ku Wenela ndi ku Theba ankabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete, ndipo mudzi wonse unkapita kukaona. Kusiyana kwake n'kwakuti njinga ija ikathyoka sipoko, mwini wake ankaikonza yekha pansi pa mtengo wa mango, ndipo ikakana mabuleki wovulala ankakhala iye yekha. Galimoto ikakana mabuleki pa Makawa kapena pa Maldeco tsiku la msika, ovulala ndi amayi ogulitsa usipa, anyamata a kabaza ndi ana ochokera kusukulu.

Adzukulu ayenera kudziwa kumene galimotozi zikuchokera. Zina, monga BMW ndi Golf GTI, zimabwera pamsewu kuchokera ku South Africa. Zambiri ndi za ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga: Toyota Altezza, Toyota Mark X, Subaru Impreza ndi zina zotere. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano ikayezedwe ikatha zaka 3, ndipo kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezako pamodzi ndi zokonzetsa zake kumadya ndalama zambiri. Galimoto ikakula, mwini wake amaona kuti n'kwabwino kuigulitsa, motero imakwera sitima kubwera kuno. Altezza inayamba kupangidwa mu 1998 ndipo inalekeka mu 2005. Ndiye kuti yaing'ono pa zonse yakwanitsa kale zaka 20, msinkhu wa munthu woti n'kumufunira mbeta. Mark X inalekeka mu 2019. Utoto ungawale bwanji, mphira zonse za pansi pa galimoto yotere zauma, mapaipi a madzi afooka, ndipo mashoko atopa. Wogula amalipira mtengo wa galimoto, wa sitima, ndi msonkho wa ku MRA umene umakwera malinga ndi ukalamba wa galimoto ndi kukula kwa injini, n'kumaganiza kuti wamaliza. Kunena zoona wangolipira chiwongo. Ukwati weniweni ukuyamba kumene.

Ndiponso galimotozi anazipangira misewu ina. Kuchoka pansi kufika pa mimba ya galimoto yotere pamangokwana chikhatho chimodzi ndi zala zingapo. Pa msewu wa Liwonde kufika pa boma imayenda bwino, nayonso mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan lomwelo, imaoloka mwaulemu. Koma kwawo kwa mnyamatayo si pa tala ayi. Ndi kumudzi kotsikira kunyanja, kumene njira ndi mchenga wokhawokha, kapena kutsidya kupitirira Malindi, kumene miyala ndi zigwembe zimadikira. Mwala umodzi ukaboola sampu, oyilo yense amathera mumchenga, ndipo woyendetsa akapanda kuzimitsa msanga, injini yafa. Matayala opyapyala aja, amene amakongola pachithunzi, akagwa m'dzenje limodzi limu yapindika.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni: galimoto ija yadwala, ndipo mwini wake wapita kukafuna masipeyala. Anthu amangoti pali "orijino" ndi "feki", ngati kuti dziko lili ndi mitundu iwiri yokha ya anthu. Masipeyala ali m'magulu anayi. Alipo a m'bokosi la kampani imene inapanga galimotoyo, ogulitsidwa ndi oimira kampaniyo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amenewa ndi odalirika koma mtengo wake ngowawa. Alipo opangidwa ndi makampani ena odziwika, ogulitsidwa m'dzina lawolawo. Alipo ochotsedwa ku galimoto zophwasulidwa, kaunjika wa zitsulo. Ndipo alipo achinyengo, ovala bokosi ndi dzina la eni ake pamene m'kati muli zinyalala.

Gulu lachiwiri lija ambiri amalinyoza posadziwa. Kampani ya Toyota sipanga chitsulo chilichonse cha galimoto yake. Mapulagi, mashoko, mafyuta ndi zina zambiri imagula kwa makampani monga Denso, Aisin ndi KYB, ndipo Denso yomweyo inali nthambi ya Toyota isanaime payokha mu 1949. Pulagi ya NGK kapena ya Denso yeniyeni, yogulidwa kwa wamalonda wokhulupirika, ndi mwana wa m'nyumba momwemo ngakhale sanavale malaya a bambo ake. Munthu wogula chotere sanachimwe, ndipo amene amamuseka kuti sanagule "orijino" akungoonetsa kuti amawerenga bokosi osati chitsulo. Nawonso kaunjika ali ndi malo ake: chitseko, galasi, nyali, mpando, ngakhale giyabokosi yathunthu ngati makaniko wanzeru waiyesa. Chimene chilibe malo m'pang'ono pomwe ndi gulu lachinayi, ndipo n'chimene chikugulidwa kwambiri chifukwa ndicho chotsika mtengo ndiponso chopezeka pafupi.

Chinthu chachinyengo chili ndi khalidwe limodzi loipitsitsa: sichionetsa kuipa kwake tsiku logula. Mapadi a mabuleki achinyengo amagwira bwinobwino pozungulira pa boma. Koma woyendetsa akamatsika phiri la Chowe kuchokera ku Namwera, phazi lili pa buleki mphindi zambiri, mapadiwo amatentha n'kuyamba kuterera, ndipo ngati madzi a mabuleki ndi akale, amene amwa chinyezi kwa zaka zambiri osasinthidwa, amawira m'mapaipi ndipo phazi limangomira mpaka pansi. Pamenepo palibe mwambi umene ungathandize. Fyuta ya oyilo yachinyengo imalola fumbi kuzungulira m'injini, kapena pepala lake limang'ambika n'kutseka njira za oyilo, ndipo injini imadyeka pang'onopang'ono ngati nkhokwe yolowa anankafumbwe. Lamba wa timing akaduka, m'mainjini ena mapisitoni amagunda mavavu, ndipo wopulumutsa ndalama zochepa pa lamba amagula injini yonse. Ball joint ikathyoka galimoto ili pa liwiro, tayala limapinda pansi pa galimoto ngati mwendo wa mbuzi yothyoka.

Za matayala n'zofunika kuimapo pang'ono. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi m'mbali mwake osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2015. Tayala la kaunjika likhoza kukhala ndi mizere yakuya koma mphira wake atakalamba, ndipo ena mwa matayalawa ndi a m'nyengo yachisanu ya ku Japan, a mphira wofewa wopangira chipale. Kuwayendetsa pa tala wa ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale galu safuna kuponda pamsewu, n'kuitana tsoka ndi manja awiri. Manambala anayiwo mwana wa Sitandade 4 angawawerenge, koma ogula ambiri sawayang'ana n'komwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru yofunikayi siichokera kutali. Ili pa doko pomwepo. Msodzi wa ku Malembo kapena ku Msaka amene ali ndi injini ya Yamaha pa boti lake amadziwa kuti akaika pulagi yachabe kapena akachepetsa oyilo wosakaniza ndi petulo, injiniyo idzamuzimira pakati pa nyanja usiku, mwera utayamba, ali ndi anthu ake ndi chilimira chonse. Sanyengerera. Amalolera kuti botilo likhale pamtunda masiku angapo kufikira atapeza chitsulo choyenera. Makolo ake osema mabwato ankayenda mtunda wautali kufunafuna mbawa kapena msangu wokhwima, chifukwa bwato la mtengo wosakhwima limakongola mofanana ndi linzake kufikira tsiku la mafunde. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kampani ya Yamaha yomweyo inathandiza Toyota kukonza injini ya Altezza ya mtundu wa RS200. Mwana wa msodzi akuyendetsa injini ya mtundu umodzi ndi ya bambo ake, koma mwambo wa kasamalidwe kake wausiya pa doko.

Ena adzati nkhani ndi umphawi, ndipo mawuwo ali ndi mbali yoona. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza sipeyala iliyonse imachokera kunja, mitengo inakwera motsatira. Kuchoka ku Mangochi kukafuna chitsulo ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190, ndipo mwina ukafika akuuza kuti cha galimoto imeneyo n'choitanitsa. Zonsezi n'zoona. Koma umphawi umenewu ngwodabwitsa, chifukwa umangogwira mbali zobisika za galimoto. Ndalama ya malimu onyezimira ilipo. Ya masipika odzaza buti lonse ilipo. Ya kudula ekizozi kuti mudzi wonse udzuke ilipo, ya kudetsa magalasi ilipo. Ikafika ya mabuleki, pamenepo ndiye kwacha yagwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu uwu nyerere zake mwini wake wachita kugula ndi ndalama zake. Munthu amene sangakwanitse mapadi enieni sangakwanitse galimotoyo, ndipo palibe manyazi kuigulitsa n'kugula Probox kapena Sienta imene masipeyala ake amapezeka ndipo makaniko aliyense pa boma amaidziwa.

Pali mbali inanso imene anyamata amaiwala. Kuno kunyanja galimoto ya munthu mmodzi imakhala ya mbumba yonse. Mlongo akayamba kudwala matenda a uchembere usiku, agogoda pa khomo la mwini galimoto. Maliro akagwa, zinkhoswe zikachitika, anamwali akamatuluka ku simba, onse ayang'ana kwa iye. Galimoto imene singafike pa khomo la agogo chifukwa cha mchenga, imene gogoyo sangathe kuwerama kuti alowemo, imene singanyamule thumba la chimanga ndi dengu la utaka, yalephera ntchito zonse zimene mudzi umayembekeza. Ndipo mnyamatayo akabwerera ku Joni mu Januwale, makiyi amasiyira mng'ono wake kapena mlamu, amene alibe ndalama ya oyilo woyenera ndipo ali ndi anzake ambiri ofuna kuwaonetsa liwiro. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka. N'chifukwa chake m'midzi yambiri muli galimoto zokhala pa njerwa pansi pa mitengo, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala, pamene ndalama imene inapita pamenepo ikanagula injini ya boti ndi ukonde, kapena kufolera nyumba ya mayi ndi malata.

Apa atsibweni, eni mbumba, alephera udindo wawo. Mphwawo akafuna kukwatira amamufunsa mafunso ambirimbiri: mkaziyo ngwa kwa yani, mudzadya chiyani, mudzagona kuti. Koma akabwera ndi galimoto amangovina ndi kuijambulitsa, pamene mafunso ake ndi omwewo. Idzadya chiyani? Ikadwala adzaichiza ndani? Inshuwalansi ndi COF zilipo, ndipo COF imeneyo inapezeka galimoto itayezedwadi kapena inangobwera m'thumba? Mtsibweni safunika kudziwa za injini kuti afunse zimenezi.

Amakaniko ndi ogulitsa nawo ali ndi mlandu wawo. Ambiri ndi anthu aluso ndi oona mtima, okonza galimoto ndi zipangizo zochepa pansi pa mtengo, koma alipo amene amalandira ndalama ya chitsulo chenicheni n'kuika chachinyengo, podziwa kuti mwini galimoto sadzagwada kuyang'ana pansi. Safunsa anadya phula. Mwini galimoto apite yekha kukagula, kapena atume munthu womukhulupirira, ndipo atenge nambala ya chesesi chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana zitsulo. Ayang'ane ngati zilembo za pa bokosi zili zolongosoka, ayerekeze kulemera kwa chatsopano ndi chakale m'manja, afunse lisiti, ndipo mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa m'masitolo ena adziwe kuti pali chifukwa. Akamaliza kukonzetsa aitanitse chitsulo chakale chimene chachotsedwa. Asunge kope la masamu la mtengo wochepa m'galimotomo, alembemo tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa, kuti mlamu wosiyiridwa makiyi mu Januwale adziwe tsiku limene oyilo ayenera kusinthidwanso.