PULAYALA NDI TEPI SIZIMANGA WAYA WA ERIYO

Akuluakulu, amayi, achinyamata anzanga a m'mbali mwa nyanja, ndabweranso. Lero injini tiisiye kaye. Ndikufuna tikambe za kanthu kamene ambirife timakapeputsa, kamutu kachitsulo ka kumapeto kwa waya wa eriyo, kaja timati konekita. Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa, koma werengani mpaka pansi, makamaka inu eni maboti.

Sabata yatha kunabwera bambo wina amene boti lawo limawolotsa anthu ndi katundu. Dzina sinditchula. Akuti, "Mwanawe, wailesi yanga ya ova-ova yatha. Anzanga akamayankhula ndikumva, koma ine ndikayankha sakundimva. Undifunire ina." Ndinati bambo, ndalama musatulutse kaye. Ndinatsata waya kuchokera ku wailesi mpaka ku eriyo. Pansi pa thabwa lokhalapo ndinapeza chimfundo cha tepi yakuda. Nditamasula, madzi chuu m'manja. Mkuwa wam'kati unali utabiriwira, ukuyoyoka ngati usipa wofumbwa. Kumutu kwa waya nako, konekita anachita kuifinya ndi pulayala mpaka kuphwatalala. Wailesi yeniyeniyo inalibe vuto ngakhale pang'ono.

Chimene chinandiwawa n'chakuti botilo layenda choncho nyengo yonse ya mwera, litanyamula amayi ndi ana. Mukudziwa nokha kuti pakati pa nyanja netiweki ya foni imathawa. Injini ikazima mafunde atakula, chotsala ndi wailesi basi. Madala anga, amene asodza usipa chiyambire ine ndisanabadwe, amakonda kunena kuti panyanja chipangizo chimakufera tsiku lomwe wachifuna.

Sindikunyoza amene anamanga waya uja, chifukwa inenso ndachokera komweko. Nditangosiya sukulu ndinamangira munthu dishi ya pa vidiyo sho. Lezala, pulayala, tepi, ndamaliza, ndalandira zanga. Mvula yoyamba itagwa, chithunzi chinazima mpira uli mkati, anthu n'kuyamba kuitanitsa ndalama zawo pakhomo. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiphunzitsa zimene ndikulembazi.

Waya wa eriyo, amene dzina lake ndi coaxial, si waya wa babu woti mungopotokola n'kumata. Mukaudula muona zinthu zinayi. Pakati pali kawaya kamodzi. Kawayako kakutidwa ndi pulasitiki yoyera. Pamwamba pa pulasitikiyo pali timawaya tolukidwa ngati ukonde. Kunja kwenikweni ndiye khungu lakuda lija. Uthenga umayenda pakati pa kawaya kapakati ndi ukondewo, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi uyenera kukhala wofanana kuyambira ku wailesi mpaka ku eriyo. Pulayala imafinya mbali ziwiri zokha. Waya umaphwatalala, mpata uja umasintha, ndipo m'mbali mumatsala mipata yolowera madzi. Madzi akalowa, ukonde uja umawamwa ngati chingwe cha nyali, n'kuwakokera m'kati mtunda wautali.

Nanga bwanji wailesi ija imamva koma osamveka? Pomvera, wailesi imapirira zambiri, makamaka ngati woyankhulayo ali pafupi. Poyankhula ndi pamene pali ntchito. Wailesi ya VHF yomangirira m'boti imatulutsa mphamvu yofika mawati 25. Mphamvuyo ikafika pa mfundo yoipa, ina imatayikira pomwepo, ina imabwerera ku wailesi. Wailesi imatentha, imadzichepetsera yokha mphamvu, nthawi zina imapsa. Ndiye inu mumangokuwa "ova, ova" mawu anu akuthera pansi pa thabwa.

Mfundo yanga ndi iyi: waya, konekita ndi chopanira ziyenera kukhala za banja limodzi. Chimodzi chikasiyana, ntchito yonse yaonongeka.

Tiyambe ndi waya. Werengani zolembedwa pakhungu lake. Wa dishi ndi TV nthawi zambiri ndi RG-6, wa ma ohm 75, wonenepa pafupifupi mamilimita 7. Wa wailesi ya m'boti ndi wa ma ohm 50. Wodziwika kwambiri ndi RG-58, wowonda, pafupifupi mamilimita 5. Ngati eriyo ili kutali ndi wailesi, RG-213 ndi wabwinopo chifukwa sutaya mphamvu yambiri, koma ndi wonenepa, pafupifupi mamilimita 10, ndipo umafuna makonekita akeake. Chonde musatenge waya wotsala pa dishi n'kukaika pa wailesi ya boti poti wonse ndi wakuda. Pogula, tengani kamaginito. Kakamata pa kawaya kapakati, dziwani kuti ndi chitsulo chokutidwa mkuwa pamwamba pokha. Pa TV ya m'nyumba zimenezo zimagwira, koma m'boti, momwe muli chinyezi usana ndi usiku, dzimbiri silichedwa. Funani wa mkuwa weniweni.

Chachiwiri konekita. Ya dishi ndi dikoda ndi ija amati F. Ya kumbuyo kwa wailesi ya boti ndi PL-259, yaikulu yamazinga ija. Pali inanso BNC, yotsekera mongopotokola pang'ono, imene mumaiona pa makamera a chitetezo. Koma dzina lokha silokwanira. PL-259 ilipo ya RG-58, iliponso ya RG-213. Musangoti "ndipatseni konekita", nenani ndi waya wake.

Chachitatu chopanira, chimene m'masitolo amati crimping tool. Apa ndi pamene anthu amabetsa ndalama. Gulani chokhala ndi giya, chija mukayamba kupana chimalira kete kete ndipo sichitseguka mpaka mutafika kumapeto. Chimenecho sichidalira mphamvu ya dzanja lanu, kaya mwatopa kaya mwadya, chimapana mofanana. Yang'anani mano ake. Mabowo ake akhale a makona asanu ndi limodzi, kuti kamphete ka konekita kagwire waya mozungulira. Pambali pa bowo lililonse pamakhala nambala. La .213 ndi la RG-58. La .255 ndi la RG-59, waya wina wa ma ohm 75 wocheperako pa RG-6. Kabowo kakang'ono ka .068 ndi ka kamsomali kapakati ka BNC. Mukapanira pa bowo lalikulu, konekita imavuka. Mukapanira pa laling'ono, mumaphwanya pulasitiki yoyera ija. Chopanira cha mawaya a batire, cha madontho ofiira, abuluu ndi achikasu chija, si chimenechi, musanamizidwe. Ndipo ngati ntchito yanu yambiri ndi ya madishi, makonekita a F amene amati compression amatseka madzi bwino kuposa opana, koma nawonso ali ndi chokankhira chake.

Pamwamba pa chopanira, pezani kosendera kozungulira, ka malezala awiri kapena atatu m'kati. Mukakatchera bwino kamasenda muyezo womwewo nthawi zonse osavulaza kawaya kapakati. Lezala wamanja amasiya kachilonda pa mkuwa, ndipo injini ikamanjenjemeretsa boti, waya umadukira pa kachilonda pomwepo. Popita kusitolo nyamulani kachidutswa ka waya wanu, muyeserere pomwepo musanalipire.

Kamangidwe kake n'kosavuta, kamangofuna kudekha. Yambani mwalowetsa kamphete pa waya musanasende. Aliyense wa ife anaiwalapo zimenezi n'kudulanso. Sendani motsatira muyezo wa konekitayo, osati wam'mutu mwanu. Pa F ndi pafupifupi mamilimita 6 a kawaya kapakati, ndi ena 6 a pulasitiki yoyera, ukonde mutaupindira m'mbuyo. Pa BNC ndi PL-259 yopana, kakhosi ka konekita kamalowa pansi pa ukonde, kamphete n'kubwera pamwamba, ndiye mupane kamodzi kokha. Ma PL-259 ambiri nsonga yapakati imafunabe kuwotcherera ndi mtovu, muone mtundu umene mwagula. Musanapane, yang'anitsitsani pa dzuwa. Kawaya kamodzi ka ukonde, kochepa ngati tsitsi, kakakhudza kapakati, basi ndi shoti.

Mukamaliza kokani ndi dzanja. Ikavuka, ivukire m'manja mwanu pagombe pano. Kenako tengani mita, waya mutauchotsa ku wailesi ndi ku eriyo komwe. Pakati ndi pakati pazilira. Kunja ndi kunja pazilira. Pakati ndi kunja pakhale zii. Ndikuti muchotse ku eriyo chifukwa maeriyo ena amapangidwa moti mita imalira ngati pali shoti pomwe palibe. Pomaliza matani ndi tepi ya labala yodzimata yokha ija, mukuikoka pokulunga, yakuda wamba ibwere pamwamba poteteza ku dzuwa. Ndipo waya usanalowe m'nyumba kapena m'kabini, upindeni utsike pang'ono n'kukweranso, kuti madzi azidontha panja m'malo motsata waya.

Ndikudziwa chimene ena mukunena. "Aise, chopaniracho n'chodula, ndigula bwanji chinthu chogwiritsa ntchito kawiri pachaka?" Zoona, ndalama ikuvuta, ine ndemwe ndinasunga miyezi ingapo. Koma taonani, bambo aja anali okonzeka kutulutsa ndalama ya wailesi yatsopano, n'kukailumikiza pa waya wovunda womwewo. Sikuti aliyense agule chake. Makaniko atatu kapena anayi a doko limodzi mukhoza kusonkherana. Komiti ya pagombe, BVC, ikhoza kusunga chimodzi anthu n'kumabwereka. Timasonkherana za maliro, tilephere kusonkherana za chinthu choletsa maliro?

Ena akuluakulu amati kuwotcherera ndi mtovu ndiye ntchito yeniyeni, zopanazi n'zaulesi. Ndimawalemekeza, ndipo munthu wodziwa akawotcherera bwino zimakhala zaka. Koma pagombe pano, ndi mphepo yathuyi, magetsi kulibe, kachitsulo kowotcherera sikatentha mokwanira. Umakakamiza nthawi yaitali mpaka pulasitiki yam'kati kusungunuka, iwe osaona. Chopanira chabwino chimapereka ntchito yofanana lero ndi mawa, ngakhale m'manja mwa mnyamata wongophunzira.

Tsono eni maboti, kaya muli ku Monkey Bay, Senga Bay, Nkhotakota kapena Likoma, pempho langa ndi ili. Makaniko akabwera kudzamanga eriyo, mufunseni akuonetseni chopanira. Akatulutsa pulayala, muuzeni abwere mawa. Musanadzuke ulendo, itanani mnzanu amene ali patali ndithu, osati wa boti loyandikana nalo, mumve ngati akukumvani. Ndipo tchanelo 16 ndi ya ngozi ndi kuitanirana, mukapezana samukirani ina, musamachezerepo za mitengo ya usipa.

Kwa makaniko anzanga, tepi imabisa ntchito yoipa kwa mwini boti, koma mwera suibisira. Bambo aja tinawadulira waya wonse wonyowa, tinaika RG-58 watsopano wopanda mfundo pakati, ndipo mnzawo anawayankha ali kuseri kwa chilumba. Ndalama ya wailesi ija anakagulira majaketi opulumutsira anthu.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani ku magulu a asodzi ndi eni maboti. Amene muli ndi funso, mundipeza kugombe komwe kuja, pansi pa mtengo pamene pali mainjini.

Ndine wanu, mwana wa msodzi.