Kudzikonzera wekha chainsaw: n'kupulumutsa ndalama kapena kuzitaya?

Masiku ano makina akafa, ambiri sakuthamangiranso kwa makaniko. Akuyamba atsegula YouTube kapena kufunsa pagulu la WhatsApp. Sitingawanene. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya mitengo yake ndi yosasimbika, poti ambiri amachokera kunja ndipo forex ndi yomwe ikuvutayi. Kwa mnyamata wocheka matabwa, chainsaw ikagona tsiku limodzi ndiye kuti kunyumba agona ndi njala.

Koma tisanagwire sipanala, tidzifunse: chikupha makinawa n'chiyani? Nthawi zambiri ndi mafuta. Petulo akasowa pa filling station, anthu amathawira kwa azigubu, ndipo kumeneko sudziwa ngati muli madzi, parafini kapena fumbi. Injini ya chainsaw ndi two-stroke, ilibe mosungira oyilo ngati ya galimoto. Oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo yemweyo. Stihl ndi Husqvarna amati muyezo ndi 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa 2T pa malita 5 a petulo. Kuchepetsa oyiloyu pofuna kusunga ndalama, kapena kuthira wa galimoto, mapeto ake pisitoni imakanda silinda, injini n'kugwira. Pamenepo ndiye mwalowa m'thumba zenizeni.

Zilipo zomwe aliyense angachite yekha. Makina akakana kulira, yambani ndi zotchipa: onani pulagi, tsukani fyuluta ya mpweya, sinthani ya mafuta, tayani petulo wosakaniza amene wakhalitsa kuposa mwezi. Tcheni chikamatulutsa fumbi m'malo mwa tizipalapasa, chabuntha, chinoleni basi. Koma kasikuluwu kolembedwa H pa kabuleta musakapotokole mwachisawawa. Mukakamanga kwambiri, makina amalira mokoma ngati atsopano, chonsecho akupsa m'kati.

Ku mathirakitala ndi ma excavator nkhani ndi yomweyi. Dizilo akathera m'thanki, m'mapaipi mumalowa mpweya ndipo injini siilira mpaka mutaupopa. Izi, pamodzi ndi kukhetsa madzi pa fyuluta, dalaivala aliyense azidziwe. Koma pampu ya dizilo ndi ma injector siyirani akatswiri. Paipi ya hydraulic ikamadontha, musafufuze pobooka ndi dzanja, chifukwa oyilo wake amatha kuboola khungu, munthu n'kudulidwa chala. Komanso osalowa pansi pa ndowa ya excavator ili m'mwamba yosachirikiza, ngakhale injini itazimitsidwa.

Kudzikonzera sikutha lero, bola masipeya akadali odula chonchi. Chikusowa ndi maphunziro. A TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja atamachititsa timakosi tifupitifupi ta injini zing'onozing'ono m'matauni mwathu muno, achinyamata ambiri angapulumutse makina awo, ndi zala zomwe. Pakadali pano aliyense adziwe polekezera: vidiyo ya pafoni imakuonetsa kumasula, koma zikavuta wolipira ndiwe.